Chikwanje cha Mlamu Wanga pa Njira ya ku Migowi

Kuchoka kudooko la ku Chilwa kukafika ku Migowi ndi njira imene ndayenda kambirimbiri, chifukwa geni yanga ndi ya matemba. M'chilimwe ukanyamuka m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu umakhala uli pamsika ukuyala nsomba. Koma ulendo umene ndikukamba pano unali wa m'dzinja, mvula itavumba masiku angapo osakata, ndipo unatidyera tsiku lathunthu. Sindinabwereko ndi nsomba. Ndinabwerako ndi mng'ono wanga Enelesi ndi ana ake awiri.

Enelesi anakwatiwa ndi msodzi, a Layitoni. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, koma iwo anamutengera kudooko, ati akhale pafupi ndi bwato. Chaka cham'mbuyo mwake a Layitoni anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala, thupi litangoyamba kubwerera anasiya panjira, ati achira. Sipanapite nthawi chifuwa chija chinabwerera, ndipo aliyense padooko ankachimva, koma palibe amene ankayerekeza kuwauza. A Layitoni anali munthu wa dzanja lofulumira.

Tsikulo ndinafika padooko m'mamawa kuti ndipikule nsomba. Ndisanapite kumabwato ndinati ndiyambe ndalonjera kwa mng'ono wanga. Ndinapeza chitseko chili chotseka. Nditaodira kawiri ndinangokankha. Munali mdima ndi fungo la utsi. Kanyumbako kanali ka chipinda chimodzi, ndipo kabowo kokhako kolowera mpweya anali atakatseka ndi chiguduli poopa udzudzu. Anthu anayi ankagona mmenemo.

Enelesi anali atakhala pakona. Atadzutsa mutu ndinaona diso lamanzere litatsekeka ndi kutupa, mlomo wam'munsi utang'ambika. Mwana wake wamkulu, Mphatso, mtsikana wa sitandade 2, anali atamukumbatira mwendo. Wamng'ono, Tiyamike, amene anali asanakwane zaka zinayi, anali gone pamphasa. Nditamunyamula ndinachita mantha ndi kupepuka kwake. Chitenje chimene anagonera chinali chonyowa ndi thukuta.

"Wakupanga zimenezi ndani?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Achemwali, tsitsani mawu," anatero Enelesi. "Kunabwera alangizi a zaumoyo. Anati tonse ogona nyumba imodzi ndi wodwala tikayezetse. Anati mwanayu mmene akuwondera, kutsokomola kosatha, kutuluka thukuta, tisachedwe naye. Poti ndi wamng'ono sangathe kulavula makhololo, ndiye tipite naye kuchipatala chachikulu akamujambule m'chifuwa. Amene sapezeka ndi chifuwacho akuti amapatsidwa mankhwala oteteza."

"Ndiye bwanji simunapite?"

"Bambo ake anawathamangitsa alangiziwo ndi nkhafi. Akuti banja lonse likaoneka kuchipatala anthu anena kuti tili ndi kachilombo, ndipo mwini bwato awachotsa ntchito. Dzulo ndinangoti ndipite ndi mwana yekhayu. Ndi zimene mukuonazi."

Ndinafunsa kumene a Layitoni anali, iye anati analowa m'nyanja kusanache. Sindinakhale pansi. Ndinamuuza kuti amange zovala za ana m'chitenje, tikupita kuchipatala ku Migowi. Anayamba kulira, ati akatipeza atipha. Ndinati akapanda kutipeza mwanayu afera pamphasa pomwepa, ndiye asankhe yekha. Anabereka Tiyamike kumbuyo, tinatuluka.

Mavuto anayambira pomwe pamaima akabaza a njinga zakapalasa. Woyamba atangoona nkhope ya Enelesi anapukusa mutu. "Amayi, ine ndi a Layitoni sindifuna nkhani," anatero, n'kupalasa kuchokapo. Awiri ena anavomera, koma anakweza mtengo, ati chifukwa cha matope. Sindinanenerere. Pamene tinkakwera ndinaona mayi wina wogulitsa mowa ataima pakhomo pake, manja m'chiuno, akutiyang'ana mpaka tinakhota.

Njira ya m'minda ya mpunga inali itasanduka phala. Tinkakwera pang'ono, kutsika, kukankha, kukweranso. Pena madzi ankafika m'mawondo, akabaza n'kusenza njinga pamapewa. Mphatso anataya patapata m'modzi m'thope, tinafufuza ndi manja osamupeza, anangoyenda ndi phazi limodzi lopanda kanthu. Enelesi ankangocheuka. Njinga iliyonse imene inkatulukira kumbuyo, iye ankagwira mpweya mpaka itatidutsa.

Tinafika pa Chiringa dzuwa litakwera. Pamenepo tinamva kuti madzi adula msewu waukulu, maminibasi sakuyenda. Galimoto yokhayo yopita ku Migowi inali lole yonyamula matumba a makaka, chinangwa chouma, ndi madengu a nsomba, yoti idzera njira ya m'midzi. Kondakitala wake anali chimunthu cha mapewa otambalala chimene anzake ankachitcha Bokosi. Anatiuza kuti tikunyamuka pompano. Tinakwera, tinakhala pamatumba. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kuzimitsa, kupita kukamwa tiyi. Anachita zimenezi kangapo. Ndinatsika kukagula kalongonda ndi zitumbuwa. Mphatso anadya zonse. Tiyamike anangonunkhiza n'kutembenuza mutu.

Pafupi ndi ife panakhala bambo wachikulire wa kofia yoyera, a Jafali, wogulitsa nsalu pa Chiringa pomwepo, atagoneka ambulera pamiyendo. Panalinso mayi mphunzitsi wochokera kuchigawo chapakati, amene ankapita kuboma pa nkhani za ntchito ndipo ankangodandaula kuti apeza maofesi atatseka. Ena anali anyamata a geni ndi amayi a madengu. Tiyamike atayamba kutsokomola, mayi wina anasuntha dengu lake n'kutipatsa msana. A Jafali anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anayang'ana diso la Enelesi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale. Lole inkatsetsereka uku ndi uku, ife tikugwirira zingwe za katundu. Tinadutsa midzi ya kwa Kaduya, chimanga chili chogona m'madzi, phiri la Michesi litabisala m'mitambo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinamuuza Enelesi kuti taona, tapulumuka. Ndisanamalize n'komwe, lole inatsikira pakamtsinje kopanda mlatho, mateyala akumbuyo n'kutitimira mpaka chitsulo kugunda pansi.

Tonse tinatsika. Amuna anakankha, mateyala ankangozungulira n'kumawathira matope kumaso. Anatsitsa matumba. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu, anayamba akangana ndi dalaivala za malipiro, kenako anayamba kukumba ndi kuponya miyala ndi nthambi pansi pa mateyala. Ife amayi tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Tinadikira mpaka mithunzi inatalika. Mphunzitsi uja anasiya zodandaula, anangovula nsapato n'kutambasula miyendo.

Woyamba kumva kulira kwa njinga yamoto anali Mphatso. Anaimirira n'kunena chapansipansi kuti, "Ababa."

A Layitoni, amene anali kumbuyo kwa woyendetsa, anadumpha njingayo isanaime. Anali ndi kabudula wa kunyanja, malaya osamanga mabatani, nthiti zikuwerengeka, chikwanje kudzanja. Sanalonjere munthu. Anabwera molunjika pamtengo paja n'kumugwira Enelesi tsitsi.

"Ukupita kuti ndi ana anga? Ukufuna ukandiyalutse?"

Anamukoka chagada. Chitenje chimene anaberekera mwana chinamasuka, Tiyamike n'kugwera m'thope chafufumimba. Enelesi ankakuwa, iwo akumukwekweza kulowera kunjinga, akumumenya ndi chigwiriro cha chikwanje m'mutu ndi m'mapewa. Ine ndinangopezeka ndawagwira dzanja.

"Alamu, musiyeni! Mwana akufa uyu, simukuona?"

"Iwe ndi amene ukupasula banja langa," anatero, maso ali psuu. Anandikankha, nditabwereranso anatukula chikwanje kuti anditeme. Ndinatchinga ndi mkono. Sindinamve kuwawa, ndinangomva ngati andimenya ndi mtengo, koma nditayang'ana ndinaona mnofu woyera utatseguka kuyambira pachigongono kutsika, kenako magazi n'kuyamba kuthamanga.

Bokosi anatulukira kuseri kwa lole ndi chitsulo cha jeke. Anawamenya nacho pamsana, chikwanje n'kugwa. A Layitoni anatembenuka n'kumuluma padzanja, awiriwo anagwera limodzi m'matope. Apo ndi pamene munthu wina mwa okumba aja anakuwa kuti, "Wakuba ana! Wakuba ana uyo!" Sindidziwa ngati anakhulupiriradi zimenezo kapena anangoona chikwanje, magazi ndi mwana akulira. Mawuwo anathamanga. Anthu anatuluka m'minda ndi m'nyumba, ena osadziwa n'komwe chimene chachitika. Wa njinga yamoto uja anatembenuza njinga yake n'kuthawa.

Anthu aja anawazungulira a Layitoni. Ndinkangoona mipini ya makasu ikukwera ndi kutsika. Wina anabwera ndi njerwa. Mnyamata wina anawaponda kumaso ndi jombo, ndinamva kulira kwa fupa. A Layitoni poyamba ankatukwana, kenako ankangobuula, kenako anasiya. Wina anafuula kuti abweretse teyala, wina anathamangira kwa dalaivala kukapempha mafuta oti awawotchere. Dalaivala anadzitsekera kutsogolo n'kukweza magalasi. Ine ndinali nditakhala pansi, mphunzitsi uja akundimanga mkono ndi duku lake. Mumtima mwanga munalibe chisoni ngakhale pang'ono, munali mkwiyo wokhawokha.

Mphatso ndiye analowa pakati pa miyendo ya anthu akukuwa, "Ndi ababa anga! Si akuba, ndi ababa anga!" Wina anamukankhira kumbali. Enelesi, magazi akutsika m'khutu, anakwawa n'kukagona pamwamba pa mwamuna wake. Mpini umodzi unamupeza pamsana. A Jafali anafika akukupiza ambulera yawo ngati akuingitsa mbuzi.

"Basi! Basi inu! Mukufuna kupha munthu ana ake akuona? Mwamufunsa mkaziyu kuti ameneyu ndi ndani?"

Chimene chinawabalalitsa si mawu a a Jafali. A Layitoni anatembenukira chammbali n'kuyamba kutsokomola, chifuwa chochokera pansi penipeni, ndipo anasanza magazi ofiira a thovu ndi zibuma. Anatsokomolanso, enanso n'kutuluka. Enelesi anadzutsa mutu n'kunena mokweza, koyamba pamaso pa anthu, kuti, "Akudwala chifuwa chachikulu. Tikupita kuchipatala." Bwalo lija linatakasuka nthawi yomweyo. Amene anali ndi magazi m'manja anathamangira kumtsinje kukasamba. Mnyamata wa jombo uja ankapukuta nsapato yake paudzu akutukwana. Wa teyala analitaya pomwepo.

Lole inatuluka m'thope patapita kanthawi, chifukwa okumba ambiri anali atathawa ndipo amene anakankha anali apaulendo okha. Matumba atakwezedwa panabuka mkangano wina. Dalaivala anatsitsa galasi n'kunena kuti munthu ameneyo sakwera galimoto yake, akafera m'njira apolisi agwira iye. Amayi a madengu anati akakwera iyeyo, iwo atsika. Bokosi ankaonetsa aliyense mabala a mano amene anatsala padzanja lake, akufunsa ngati matendawo alowa kale m'magazi.

"Salowera pobaya mano, mwana wanga," anatero a Jafali. "Amayenda mumpweya, munthu akamatsokomola. Ine ndinadwalapo chifuwa chimenechi. Ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, ndi ine pano ndikukalipa. Akazi anga ndi ana onse anakayezetsa, mdzukulu wanga anamwa zoteteza, palibe anadwala. Choopsa ndi kugona naye m'nyumba yotseka tsiku ndi tsiku, ngati ana awa. Pamwamba pa lole pali mphepo. Mugonekeni kumapeto uko, timuphimbe pakamwa ndi nsalu, inu mukhale kutsogolo."

"Nanga akafa?" anafunsa dalaivala.

"Mukamusiya pano ndiye afadi, ndipo nambala ya galimoto yanu tonse taiona," anayankha mphunzitsi uja.

Dalaivala anamenya chiwongolero ndi chibakera, koma anavomera. Amayi awiri anatsitsa madengu awo n'kunena kuti bola ayende pansi. A Jafali anamasula mtolo wawo, anang'amba chidutswa cha nsalu yatsopano n'kuwamanga a Layitoni momasuka pakamwa ndi pamphuno. Amene anawanyamula kuwakweza anali Bokosi yemweyo, akung'ung'udza. Anawagoneka chammbali kuti magazi asawatsamwe. Enelesi anakhala pafupi nawo atawagwira mutu. Ine ndinatenga ana n'kukhala nawo kutsogolo, Tiyamike pamiyendo, mkono wanga nditaukweza m'mwamba monga anandiuzira mphunzitsi.

Tisanapite patali mvula inayambanso. Anyamata anatambasula lona kuti tifunde tonse. A Jafali anati kumbuyo kukhale kotsegula, mpweya uzidutsa. Panali kutukwanizana, koma lonalo analipinda theka. Enelesi ananyowa yense. Lole ikagunda dzenje a Layitoni ankabuula, ndipo kubuulako ndi kumene kunkatiuza kuti akadali moyo. Duku la pamkono wanga linadzaza, magazi ankadontha pathumba la makaka. Ndinayamba kuona zinthu ziwiriziwiri. Mphatso sanalirenso, ankangoyang'ana kumbuyo kumene kunali makolo ake, phazi lake lopanda patapata lili ndi mabala a minga.

Tinalowa mu Migowi dzuwa likulowa. Dalaivala, amene anakana kuja, anatipititsa mpaka pageti la chipatala. A Jafali anatsika nafe, anaonetsetsa kuti atilandira, kenako anatsanzika. Nsalu yawo ija sanaitchulenso.

Ine anandisoka mkono. A Layitoni anawapeza atathyoka chibwano ndi nthiti, ndipo diso limodzi silinaonenso. Anawagoneka m'chipinda chapadera cha mawindo otsegula. M'mawa mwake anajambula Tiyamike n'kumuyeza zina, ndipo adokotala anatiuza kuti chifuwa chachikulu chinali chitamugwira kale. Anati tikanachedwa nkhani ikanakhala ina. Anamuyambitsa mankhwala. Enelesi ndi Mphatso sanapezeke nacho, koma anawapatsa mankhwala oteteza n'kuwauza kuti amwe mpaka kumapeto ngakhale sakumva kuwawa paliponse. Ine ndinayezetsanso, ndinalibe.

Namwino wina anafunsa a Layitoni ngati pali enanso amene amagona nawo malo amodzi. Enelesi anati akalowa m'nyanja amakhala masiku m'chimbowera, kanyumba ka udzu koyandama pamadzi, ndi asodzi anzawo. A Layitoni anatembenukira kwa namwino uja. Kenako, ndi chibwano chomangidwa, anatchula mayina a anzawowo limodzilimodzi, namwino akuwerama kuti amve. Alangizi amene anawathamangitsa ndi nkhafi aja ndi amene anakawafuna anthuwo kudooko. M'modzi anapezeka nacho.

Enelesi sanabwerere kudooko. Anabwera kwathu, kumudzi kwa amayi athu, ndipo m'nyumba imene tinamupatsa ndinaboola ndekha mawindo awiri. Mankhwala a Tiyamike ndinkaonerera ine m'mawa uliwonse asanadye phala. Ankalavula, tinkamugwira. Pofika nthawi yokolola nandolo anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo, masaya atabwerera.

Nkhani ya chikwanje inapita kukhoti. A Layitoni anakakhala kundende kwa kanthawi, mankhwala ankamwera komweko, ndipo ulendo uno anamaliza. Amene anawamenya pamtsinje paja palibe ndi m'modzi yemwe amene anagwidwa.

Atatuluka anabwera kwathu ndi ankhoswe awo. Tinawayalira mphasa pabwalo. Anali atanenepa, chifuwa chitatheratu, akuyang'ana ndi diso limodzi. Mphatso anawapatsa moni atagwada, Tiyamike anabisala kumbuyo kwanga. Ankhoswe analankhula nthawi yaitali, ati munthuyu wachira, achipatala atsimikiza, matenda ndi amene ankamupsetsa mtima, banja libwerere. Amalume athu anatembenukira kwa Enelesi n'kumufunsa maganizo ake.

Enelesi anali akusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndathokoza kuti mwachira, bambo a Mphatso," anatero. "Ana ndi anu, muzibwera kudzawaona. Koma chimene achiza kuchipatala ndi chifuwa. Manja anuwo sindinamve kuti alandira mankhwala."

A Layitoni anayang'ana manja awo. Patapita kanthawi ankhoswe anapempha njira, ndipo amalume anawaperekeza mpaka pamsewu.